Mafunso ndi mayankho pa nkhani yoteteza madzi akumwa pakhomo m'midzi ya ku Mulanje ndi Thyolo

Ku Mulanje ndi ku Thyolo madzi sasowa monga momwe amasowera kumadera ena a dziko lino, chifukwa mvula imagwa yochuluka ndipo mitsinje monga Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Nsuwadzi ili pafupi ndi midzi yambiri. Vuto la kuno ndi lakuti madzi amafika pakhomo atadetsedwa kale, kapena amadetsedwa ali mumtsuko momwemo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri m'midzi yakutali, kumene chipatala ndi golosale zili pa mtunda wa maola angapo woyenda pansi.

Madzi athu amachokera kuphiri ndipo ndi oyera mbee. Kodi akufunikiranso kuwateteza?

Inde, akufunikira. Kuyera kwa madzi kumangosonyeza kuti mulibe matope, koma sikutsimikiza kuti mulibe tizilombo toyambitsa kolera, tayifodi ndi kamwazi, chifukwa tizilomboti ndi tating'ono kwambiri moti diso silingatione ngakhale titadzaza m'kapu imodzi. Gwero lake ndi chimbudzi cha munthu. Kumtunda kwa mitsinje yathu kumapita anthu otola nkhuni, ocheka matabwa, otentha makala ndi olima m'mapiri, ndipo kumeneko kulibe zimbudzi zokumba, kotero mvula ikagwa, zonse zimene zinasiyidwa patchire zimakokolokera mumtsinje.

Mipopi yambiri ya m'midzi ya ku Mulanje imalandira madzi otsika okha kuchokera kuphiri popanda injini, ndipo ina inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene anthu okhala pafupi ndi malo otapira madziwo anali ochepa. Mapaipi ake anakalamba, ndipo madzi akasiya kutuluka, paipi yong'aluka imayamwa madzi akuda a m'nthaka, amene amadzatulukira kumpopi madzi akabweranso. Namondwe wa Freddy, amene anaomba mu Malichi 2023, anakokolola mapaipi ndi malo otapira madzi ambiri, ndipo mabanja ochuluka anabwerera kumtsinje. Tikumbukirenso kuti ngakhale madzi a Likhubula amene bungwe la Blantyre Water Board limatenga kuphiri la Mulanje amayamba adutsa kumalo oyeretsera madzi ku Nguludi asanafike m'mipopi ya mumzinda.

Nanga madzi a pamjigo si abwino kale?

Mjigo wokumbidwa bwino umapereka madzi abwino kuposa a pachitsime chosavundikira kapena a mumtsinje, chifukwa madziwo amachokera pansi kwambiri ndipo nthaka imakhala itawasefa. Komabe simenti ya pamjigo ikang'aluka, ngalande yake ikatsekeka mpaka madzi kumadikha pomwepo, kapena wina akakumba chimbudzi pa mtunda wosakwana mamita 30, makamaka chakumtunda kwa mjigowo, madzi akuda amalowa. Ngakhale mjigo utakhala wopanda vuto lililonse, madzi ali ndi ulendo woti ayende kuchokera pamenepo kukafika pakamwa pa mwana, ndipo ulendo umenewu ndiwo umaononga madzi ambiri.

Pa njira zonse zotetezera madzi, yabwino kwambiri ndi iti?

Kwa banja la kumudzi kwathu kuno, njira imene ndingaike patsogolo ndi kuthira klorini m'madzi amene adikha kapena asefedwa, kenako n'kuwasunga m'chigubu chotseka. Chifukwa chake n'chakuti klorini amatsalira m'madzi ndipo amapitiriza kupha tizilombo timene tingalowe pambuyo pake, kwa pafupifupi tsiku lathunthu ngati chotengeracho n'chovundikira. Kuwiritsa, kusefa ndi kuika madzi padzuwa kumapha kapena kuchotsa tizilombo pa nthawi yokhayo, koma sikusiya chitetezo m'madzimo. Izi sizikutanthauza kuti njira zinazo n'zachabe. Kuwiritsa kumapha ngakhale tizilombo tina tolimba timene klorini amalephera kupha, monga timene madokotala amatitchula kuti Cryptosporidium. Chofunika n'chakuti banja lisankhe njira imene lingakwanitse tsiku lililonse, pakuti munthu amene amamwa madzi otetezedwa kunyumba koma n'kumatunga a m'khwawa akakhala kumunda amataya mbali yaikulu ya phindu lake.

Kodi klorini amathiridwa bwanji, ndipo wochuluka motani?

Klorini amafika m'midzi m'njira zingapo, ndipo muyeso wake sufanana. WaterGuard wa m'botolo, amene anayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu 2002, amathiridwa chitsekerero chimodzi cha botolo lake m'malita 20 a madzi oyera, ndipo ngati madziwo ali otuwa, zitsekerero ziwiri. Mukathira, tsekani chigubu, chikhutchumuleni bwino, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Kudikiraku anthu ambiri amakunyozera, koma klorini sapha tizilombo nthawi yomweyo, kotero womwa msanga amamwa madzi onunkha mankhwala amene tizilombo take tikadali tamoyo.

Pali klorini wina wa mapiritsi, monga Aquatabs, amene amagawidwa kawirikawiri pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mapiritsiwa amasiyana kukula, ndiye muyenera kuwerenga papaketi kuti piritsi limodzi n'la malita angati. M'maboma ena, monga Zomba, pamijigo panaikidwa timatanki ta klorini tokhala ndi kampopi kamene, mukakapotokola kamodzi, kamatulutsa mamililita 3 okwanira chigubu cha malita 20. Mtundu wina ndi uja amasungunula alangizi a zaumoyo kuchokera ku ufa wa klorini wotchedwa HTH n'kugawira anthu m'mabotolo. Ufa umenewu ndi wamphamvu kwambiri, umawotcha khungu ndi maso, ndipo suyenera kuthiridwa m'madzi akumwa mongoyerekeza. Landirani wosungunula kale, funsani alangiziwo muyeso wake, ndipo lembani pabotolo tsiku limene mwalandira.

Klorini wamadzi amatha mphamvu akakhala padzuwa, pamalo otentha kapena m'botolo losatseka bwino. Musungeni pamalo amdima ndi ozizira, patali ndi ana, ndipo musamuike m'botolo la zakumwa zozizilitsa kukhosi lopanda chizindikiro, chifukwa mwana angaganize kuti ndi madzi. Ngati mwathira muyeso woyenera koma pakatha mphindi 30 madzi sakumveka kafungo ka klorini ngakhale pang'ono, ndiye kuti mankhwalawo anasukuluka kapena madziwo anali akuda kwambiri.

Madzi a klorini amanunkha, ndipo ena amati amalepheretsa kubereka. Zoona zake n'zotani?

Kafungo kochepa ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito, ndipo kamachepa madzi akakhala maola angapo. Mabanja ena amathira madzulo kuti adzamwe m'mawa, ndipo imeneyi ndi nzeru yabwino. Ngati fungo lili lamphamvu mpaka kuwawa kukhosi, ndiye kuti mwapyola muyeso, zimene zimachitika kawirikawiri munthu akathira muyeso wa malita 20 m'ndowa ya malita 10. Za kubereka zija ndi mphekesera chabe. Klorini yemweyu ndi amene amathiridwa m'madzi a m'mipopi ya ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo anthu a m'mizinda imeneyi akubereka monga wina aliyense. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa angathe kumwa madzi amenewa popanda nkhawa.

M'dzinja mitsinje imafiira ndi matope. Kodi madzi oterewa tiwatani?

Matope ayenera kuchoka kaye, chifukwa amadya mphamvu ya klorini ndipo tizilombo timabisala m'timibulu take. Njira yosalira ndalama ndi kusiya madzi m'ndowa yovundikira usiku wonse kuti adikhe, kenako n'kutsanulira a pamwamba m'chotengera china mosamala, osavundula a pansi. Potsanulapo seferani pansalu yoyera ya thonje yopinda kanayi kapena kupitirira apo. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti kusefera madzi pansalu yopinda motere kunachepetsa odwala kolera ndi pafupifupi theka, koma theka linalo likutikumbutsa kuti nsalu payokha siikwanira. Nsaluyo ikhale ya ntchito imeneyi yokha, ichapidwe ndi sopo ndipo iyanikidwe padzuwa, isakhale chitenje chimene mwaberekera mwana.

Njere za chamwamba nazonso zimathandiza, ndipo nkhani yake ili ndi mbiri kwathu kuno. Mu 1994 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester ndi a ku Polytechnic anayesa njerezi pamalo oyeretsera madzi a pa boma la Thyolo m'nyengo ya mvula, ndipo madzi a mumtsinje amene anali ofiira ndi matope anayera mofanana ndi momwe amayerera ndi mankhwala ogula kunja. Pakhomo, tengani njere zokhwima ndi zouma, chotsani makoko, sinjani zoyera za mkatizo mpaka zikhale ufa, sakanizani ndi madzi oyera pang'ono, ndipo seferani m'ndowa ya madzi amatope aja. Pamafunika pafupifupi njere imodzi pa lita imodzi ya madzi akuda kwambiri. Takasani mofulumira kwa kanthawi, kenako pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, ndipo siyani kwa ola limodzi kapena awiri kuti matope aundane n'kukhala pansi. Chamwamba chimachotsa matope ndi tizilombo tambiri, koma sichipha totsalato, choncho madziwo athiridwebe klorini kapena awiritsidwe, ndipo amwedwe tsiku lomwelo.

Palinso mankhwala a ufa a m'timapaketi, amene ena amawadziwa kuti WaterGuard wa Ufa, omwe amagwira ntchito ziwiri zonsezi nthawi imodzi. Paketi imodzi ndi ya malita 10: mumatakasa mphindi 5, kusiya mphindi zina 5 kuti zinyalala zikhale pansi, kusefera pansalu, n'kudikira mphindi 20. Zotsalira pansalu zikatayidwe m'chimbudzi.

Kodi madzi awire nthawi yaitali bwanji?

Awire mpaka kubwadamuka, ndipo apitirize kutero kwa mphindi imodzi. Kuwira kwa theka la ola kumangotha nkhuni, zimene kuno n'zosowa kale, monga aliyense amene waona momwe phiri la Thyolo linayerera angachitire umboni. Madzi ongofunda kapena ongotulutsa tithovu tating'ono pansi pa poto sanawire. Banja limene lasankha njira imeneyi lingapulumutse nkhuni pogwiritsa ntchito Chitetezo Mbaula, pokoleza mapesi a nandolo, povundikira poto, ndiponso potereka madzi pamoto wotsala nsima ikapsa. Madziwo azizirire mupoto momwemo ali ovundikira, ndipo musawathire madzi osaphitsa kuti azizire msanga. Ngati akumveka osakoma, akhutchumuleni m'chigubu choyera chosadzaza kuti mpweya ulowemo.

Tinamva kuti dzuwa limayeretsa madzi a m'botolo. Kodi zimenezi zingatheke kwathu kuno?

Zimatheka, koma nyengo yathu imafuna kusamala. Madzi oyera amathiridwa m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita awiri, ndipo mabotolowo amagonekedwa padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuwala bwino. Kukakhala mitambo yambiri, mabotolo ayenera kukhala panja masiku awiri otsatizana, ndipo kukamagwa mvula tsiku lonse njirayi siigwira ntchito. Apa ndi pamene Mulanje ndi Thyolo akusiyana ndi Nsanje kapena Mangochi, chifukwa m'miyezi yozizira chiperoni chimatha kuphimba dzuwa masiku angapo, ndipo m'dzinja, pamene matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndi pamenenso mitambo imachuluka. Njirayi ndi yodalirika m'chilimwe, kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, ndipo ndi yabwino kwa ana opita kusukulu ndi anthu opita kumunda, popeza madzi amamwedwa m'botolo momwemo. Mabotolo obiriwira, abulauni kapena okandika kwambiri salowetsa bwino kuwala kwa dzuwa.

Nanga zosefera madzi zimene mabungwe ena amagawa?

Zosefera zadothi lowotcha, kaya zooneka ngati kandulo kapena ngati mphika, zimachotsa matope ndi tizilombo tambiri, koma mavairasi ena amadutsa. Zikayamba kudontha mochedwa zimatsukidwa ndi madzi oyera popanda sopo, ndipo zikang'aluka ngakhale pang'ono, ntchito yake yatha. Chosefera chamchenga chimadalira kautoto ka tizilombo tabwino kamene kamamera pamwamba pa mchengawo, kamene kamatenga pafupifupi mwezi kuti kakhwime, ndipo kamafa mchenga ukauma kapena mukathiramo madzi a klorini. Klorini athiridwe madzi akatuluka m'choseferacho. Musanadalire chosefera chilichonse, funsani kumene mungakapeze china chikasweka, chifukwa ndowa zambiri zoterezi zimatha ntchito yake n'kusanduka zosungiramo ufa.

Madzi tawateteza kale. Kodi angaonongekenso bwanji m'nyumba?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Taganizirani ulendo wa ndowa imodzi. Mayi akuitsuka pamjigo ndi manja osasamba, akuisenza zala zili m'kati mwa mkombero, ndipo kuti madzi asatayike panjira akuthyola masamba a m'mbali mwa njira n'kuika pamwamba. Pakhomo madziwo akuthiridwa mumtsuko momwe muli otsala a dzulo. Mwana wochokera kosewera akutenga kapu imene inagwa pansi, akuimiza pamodzi ndi dzanja lake, akumwa, n'kubwezera otsala mumtsuko momwemo. Palibe amene walakwa mwadala, koma pofika madzulo madzi amene anatuluka pamjigo ali abwino asanduka oopsa.

Chotengera chabwino ndi chapakamwa popapatiza poti dzanja silingalowe, monga chigubu chokhala ndi chitsekerero, kapena ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi m'munsi. Anthu ambiri amakonda mtsuko chifukwa umaziziritsa madzi, ndipo palibe chifukwa chouletsera, malinga ukhale ndi chivundikiro, uikidwe pamalo okwera pomwe ana aang'ono, nkhuku ndi agalu sangafike, ndipo pakhale chikho cha mpini wautali chotungira chokha, chimene chimakolekedwa pamsomali. Ndiyo njira ija ya makapu awiri imene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, ina yotungira ndipo ina yomwera. Chigubu chitsukidwe ndi sopo kapena madzi a klorini kamodzi pa sabata, chifukwa m'kati mwake mumamera ndere ndi utoto woterera. Chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, mafuta a galimoto kapena parafini chisasungiridwe madzi akumwa ngakhale chitatsukidwa motani. Mpondagiya wokhala ndi sopo pafupi ndi chimbudzi ndi mbali ya ntchito yomweyi, pakuti manja ndiwo amanyamula tizilombo kuchokera kuchimbudzi kupita kumtsuko.

Kodi madzi a mvula a padenga ndi abwino kumwa?

Mvula imagwa yoyera, koma denga limakhala ndi fumbi, zitosi za mbalame ndi za abuluzi. Lolani madzi oyamba atsuke malata ndi kutayika, ndipo muyambe kutchera ndowa mvula itagwa kwa kanthawi. Madzi amenewa athiridwebe klorini ndi kuvundikiridwa, zimene zimaletsanso udzudzu kuswana m'menemo.

Kodi klorini kapena kuwiritsa kumachotsa mankhwala a kumunda amene alowa m'madzi?

Ayi. Njira zonse zimene tafotokozazi zimalimbana ndi tizilombo ndi matope, osati feteleza, mankhwala ophera tizilombo ta mbewu kapena mchere. Kuwiritsa madzi okhala ndi feteleza kumangowonjezera mphamvu yake, chifukwa madzi amachepa koma fetelezayo amatsala. M'dera la ulimi wa tiyi, makadamiya, nthochi ndi ndiwo zamasamba ngati lathu lino, ndi bwino kupewa kutunga madzi akumwa m'ngalande zodutsa m'minda, ndipo alimi asatsukire mipopi yopopera mankhwala mumtsinje. Madzi akayamba kununkha mankhwala kapena nsomba zikamafa, siyani kutunga pamenepo ndipo dziwitsani amfumu ndi alangizi a zaumoyo. Madzi a pamjigo ofiirira ndi omveka dzimbiri amakhala ndi chitsulo. Amadetsa zovala ndipo sakoma, koma akadikha n'kusefedwa amakhala abwino kuposa a mumtsinje amene anthu amathawirako chifukwa cha kukoma.

Makolo athu ankamwa madzi a mumtsinje womwewu. Chasintha n'chiyani?

Chasintha ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 684,000 ku Mulanje ndi oposa 721,000 ku Thyolo, ndipo popeza malo aakulu ndi minda ya tiyi ndi mapiri, anthuwa amakhala mothinana, zimbudzi zili pafupi ndi zitsime, ndipo mitengo imene inkagwira nthaka m'mbali mwa mitsinje inadulidwa. Komanso si zoona kuti kale anthu sankadwala. Ana ambiri ankamwalira ndi kutsegula m'mimba, kungoti imfazo zinkapatsidwa zifukwa zina. Munthu wamkulu angazolowere tizilombo tina, koma khanda, nkhalamba ndi munthu amene chitetezo chake cha m'thupi chatsika alibe mwayi umenewo, ndipo kolera sasankha msinkhu. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, tichite chiyani pamene chipatala chili kutali?

Yambani kum'patsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo apitirize kumwa pang'onopang'ono panjira yonse yopita kuchipatala. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi. Chimbudzi chamadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera, amene angathe kupha munthu m'maola ochepa, choncho musadikire kuti kuche. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi akumwa wamba ngakhale owiritsa. Ayamwe mkaka wa m'mawere wokha, ndipo akatsegula m'mimba ayamwitsidwe pafupipafupi n'kupita naye kuchipatala msanga.

Nanga pamaliro, paukwati ndi pambuyo pa madzi osefukira?

Pamene pasonkhana anthu ambiri, mbiya imodzi ya madzi osatetezedwa ingadwalitse midzi ingapo nthawi imodzi. Amfumu ndi adzukulu angathandize posankha munthu mmodzi woyang'anira madzi onse akumwa, otsukira mbale ndi osungunulira thobwa, ndipo posamba m'manja anthu azithirirana madzi m'malo mosambira m'beseni limodzi. Madzi osefukira akadutsa m'mudzi, zimbudzi zimagwa ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime, kotero chitsime kapena mjigo uliwonse umene unamira utengedwe ngati wodetsedwa ngakhale madzi ake atayeranso. Komiti ya mjigo idziwitse alangizi a zaumoyo kuti chitsimecho chikapidwe, mjigo uthiridwe klorini wamphamvu n'kupopedwa mpaka fungo litachepa, ndipo simenti yong'aluka imatidwe. Kufikira ntchito imeneyi itachitika, madzi onse otungidwa pamenepo adikhe, asefedwe pansalu, ndipo athiridwe klorini wa muyeso wa madzi otuwa kapena awiritsidwe mpaka kubwadamuka.